Mboni pa Sukulu ya ku Babulo

Phunziro 7

SABATA MASANA

Werengani pa phunziro la sabata lino: Danieli 1, 2:12-30, 6:1-10, Machitidwe 17:16-34, 1 Petro 3:15, 16.

Vesi Loloweza: Danieli 1:8.

Ganizo Lalikulu: Wophunzira amene wasankhiratu mumtima mwake kuti iye ndi wa yani, nasamala chiyanjano chake ndi Mulungu m'tseri, adzakhala nacho chouza anzake poyera, ndipo iwo adzakhala nacho chifukwa chomumvera.

Chaka ndi chaka mipingo yathu imaimika kutsogolo anyamata ndi atsikana amene asankhidwa kupita ku sukulu za ukachenjede. Mkulu wa mpingo amawapempherera, makolo amasangalala, ndipo ife tonse timanyadira. Pamene Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965, inali ndi ophunzira 90 okha. Lero ana athu ali ku Zomba, ku Blantyre, ku Bunda, ku Mzuzu, ku Ndata m'boma la Thyolo, ku Lusaka ndi kutali kupitirira apo. Ochepa mwa iwo ali pa sukulu za mpingo monga Malawi Adventist University, Rusangu kapena Solusi. Ochuluka akugona m'chipinda chimodzi ndi anthu osadziwa Sabata, ndipo ena mwa aphunzitsi awo sakhulupirira n'komwe kuti kuli Mulungu.

Pakatha zaka zinayi, ena amabwerera ndi digiri pamodzi ndi chikhulupiriro chokhwima koposa chimene anapita nacho. Ena amabwerera ndi digiri yokha. Kodi kusiyana kumeneku kumachokera kuti? Sabata lino tidzaphunzira za anyamata anayi amene analowa sukulu yapamwamba ya m'masiku awo, kutali ndi kwawo, kopanda kachisi ndi kopanda kholo, natulukamo ali mboni za Mulungu wa Kumwamba.

SANDE

Sukulu ya Mfumu (Danieli 1:1-7)

Kodi Nebukadinezara anafuna anyamata otani, ndipo anafuna kuti aphunzitsidwe chiyani? Danieli 1:3-5.

M'chaka cha 605 Khristu asanabadwe, Nebukadinezara anafika ku Yerusalemu natenga zina mwa ziwiya za m'kachisi pamodzi ndi anyamata a m'mabanja olemekezeka. Ulendo wa pakati pa Babulo ndi Yerusalemu unamtengera Ezara miyezi inayi (Ezara 7:9), motero anyamatawa sanayembekeze kubwerera kwawo pa tchuthi. Anaikidwa pa maphunziro a zaka zitatu, chakudya ndi pogona zonse zochokera kwa mfumu, ndipo ntchito ya m'boma inali kuwadikira akatsiriza.

Maphunzirowo sanali achibwana. Alembi a ku Babulo ankadinda zilembo ndi kabango pa mapale a dothi, ankadziwa kayendedwe ka mwezi ndi nyenyezi, ndipo ankawerengera m'magulu a 60. Kufikira lero ola lathu lili ndi mphindi 60 chifukwa cha mawerengedwe amenewo. Koma m'sukulu yomweyo munalinso kuombeza ndi kupenda chiwindi cha nyama pofuna kudziwa za m'tsogolo (Ezekieli 21:21). Choonadi ndi bodza zinkaphunzitsidwa ndi mphunzitsi mmodzi.

Tizindikire kuti Danieli sanakane sukuluyi. Mose anaphunzira nzeru za Aigupto (Machitidwe 7:22), Paulo anaphunzitsidwa ndi Gamaliyeli (Machitidwe 22:3), ndipo John Wycliffe ku Oxford, John Huss ku Prague ndi Martin Luther ku Wittenberg onse anali aphunzitsi a pa yunivesite. Mpingo umene umaopa buku sunamvetse mbiri yake.

Kodi kusintha maina a anyamatawa kunali ndi cholinga chotani? Danieli 1:6, 7, 4:8.

Dzina la Danieli limatanthauza kuti Mulungu ndiye woweruza wanga. La Hananiya, Yehova wachita chisomo. La Misaeli limafunsa ngati alipo wofanana ndi Mulungu. La Azariya, Yehova wathandiza. Maina atsopano anali otamanda milungu ya Babulo. Mfumu sinalamule kuti akane Yehova tsiku limodzi. Inangowapatsa chinenero china, gome lina ndi dzina lina, kuti pang'ono ndi pang'ono aiwale kumene anachokera. Danieli sakanatha kutseka pakamwa pa anthu omutchula Belitesazara, koma atakalamba anali kudzitchulabe Danieli (Danieli 8:1, 9:2), ndipo ngakhale mfumukazi ya ku Babulo inalikumbukira dzina limeneli (Danieli 5:12).

Kodi ndi zinthu ziti pa sukulu zimene zimaiwalitsa wophunzira kuti iye ndi wa yani, ngakhale palibe amene wamuuza kuti asiye mpingo?

LOLEMBA

Malire pa Gome (Danieli 1:8-16)

N'chifukwa ninji Danieli analola maphunziro ndi dzina, koma nakana chakudya cha mfumu? Levitiko 11:1-8, 17:10-14, Miyambo 23:29-32.

Pa gome la mfumu panali nyama zimene Mulungu analetsa, nyama zosakhetsedwa mwazi, ndi vinyo. Ndiponso gawo la chakudyacho linkayamba laperekedwa kwa mafano. Apa nkhani inachoka pa zimene ena anamuchitira, nifika pa zimene iye mwini akanachita ndi dzanja lake. Chosankha chake chinachitika mumtima mbale isanafike patsogolo pake. Akuluakulu anati khotekhote ngwa njira, palinga mtima mpomwepo. Wophunzira amene akudikira kuti adzasankhe tsiku limene anzake adzamukokere ku mowa, kapena pamene wina adzamulonjeze malikisi kapena ndalama posinthana ndi thupi lake, wachedwa kale.

Onani njira imene Danieli anatsata pofikira akuluakulu a sukulu. Danieli 1:8-14.

Iye anapempha, sanaopseze. Pamene mkulu wa adindo anaopa kuti mfumu idzamudula mutu, Danieli sanapeputse mantha amenewo, koma anapita kwa kapitao ndi njira ina yosaika munthu pangozi: masiku khumi a zomera ndi madzi, kenaka aone okha zotsatira zake.

Kwa wophunzira wa Chiadventisti, gome la mfumu kawirikawiri limafika monga phunziro kapena mayeso oikidwa pakati pa kulowa kwa dzuwa Lachisanu ndi kulowa kwa dzuwa pa Sabata (Levitiko 23:32). Njira ya Danieli ikutiphunzitsa kuti tikaonane ndi mphunzitsi kumayambiriro kwa semesita, osati mayeso ali mawa; kuti tipite tokha mwaulemu, titanyamula kalata ya abusa kapena ya dipatimenti ya ufulu wa chipembedzo; ndi kuti tipite ndi njira ina m'manja, monga kulemba tsiku lina, kapena kusungidwa pansi pa woyang'anira kufikira dzuwa litalowa ndi kulemba pamenepo. Ndime 33 ya malamulo aakulu a dziko la Malawi a m'chaka cha 1994 imateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo. Komabe pempho limamveka bwino likachokera kwa wophunzira amene sajomba m'kalasi ndipo amapereka ntchito yake pa nthawi yake.

Nanga pempho likakanidwa? Danieli 3:16-18.

Tisawanamize ana athu kuti khomo lidzatseguka nthawi zonse. Anzake atatu a Danieli anavomereza kuti Mulungu ali nayo mphamvu yowalanditsa, koma anaonjezera kuti ngakhale asawalanditse, sadzagwadira fano. Alipo ophunzira amene abwereza phunziro, ena chaka chathunthu, chifukwa cha Sabata, ndipo makolo awo alipiranso fizi imene anaipeza movutika. Mtengo umenewu ndi weniweni. Mpingo umene unawaphunzitsa lamulo lachinayi suyenera kuwasiya asenze okha katunduyu (Agalatiya 6:2).

Ngati wophunzira wa mu mpingo wanu atataya chaka chifukwa cha Sabata, kodi mungamuthandize ndi chiyani kuonjezera pa pemphero?

LACHIWIRI

Zenera Loloza ku Yerusalemu (Danieli 6:1-10)

Kodi Danieli 6:10 ikutiuza chiyani za chizolowezi chake cha pemphero? Yerekezani ndi 1 Mafumu 8:46-50.

Pa nthawi ya dzenje la mikango Danieli anali atapitirira zaka 80. Lamulo loletsa kupemphera litasindikizidwa, iye sanayambe chinthu chatsopano kuti aonetse kulimba mtima. Anangopitiriza chimene ankachita kale, kugwada katatu pa tsiku mazenera ali otsegukira ku Yerusalemu. Analinso wophunzira Malemba, pakuti anazindikira za zaka 70 za ukapolo powerenga zolemba za Yeremiya (Danieli 9:2). Ubwana wake unali m'masiku a Yosiya, mfumu imene inawerengera anthu buku la chilamulo litapezeka m'kachisi (2 Mafumu 23:1-3). Mbewu inadzalidwa ku Yuda, koma amene anaithirira ku Babulo anali Danieli mwini.

Kodi Yesu anafanizira kukula kwa moyo wauzimu ndi chiyani? Marko 4:26-29, Yohane 15:4, 5.

Mlimi aliyense adziwa kuti chimanga sichikula chifukwa chochikoka m'mwamba. Chimayamba mmera, nichita ngaiyaye, kenaka chimabereka ndi kukhwima, ndipo ntchito yaikulu imachitika pansi pa nthaka pamene diso siliona. Ife sitingadzikulitse tokha. Kukulitsa ndi ntchito ya Mzimu Woyera. Gawo lathu ndi kukhala mwa Khristu tsiku ndi tsiku.

Pa sukulu, pemphero silimaphedwa kawirikawiri ndi lamulo la mfumu. Limafa ndi kutanganidwa: ntchito zolemba, kuwerenga kufikira pakati pa usiku, ndi foni imene timayamba kuitsegula m'mawa tisanatsegule Baibulo. Motero wophunzira asankhe nthawi yake ndi malo ake, kaya ndi pa bedi anzake asanadzuke kapena pansi pa mtengo kuseri kwa laibulale, ndipo awerenge buku lathunthu mwadongosolo. Uthenga wa Marko uli ndi mitu 16; mutu umodzi pa tsiku, buku latha m'masabata awiri ndi masiku awiri.

Kodi tichite chiyani ndi mafunso amene maphunziro amadzutsa mumtima? Salmo 73:2, 3, 16, 17, Yohane 20:24-29, Ahebri 5:12-14.

Ngozi yaikulu ndi yakuti nzeru za m'kalasi zifike pa digiri pamene chidziwitso cha Baibulo chidakali cha kalasi ya ana ya Sukulu ya Sabata. Wotereyu akamva koyamba chiphunzitso chakuti zamoyo zinachita kusanduka, kapena kuti Baibulo ndi nthano za Ayuda, amagwa msanga. Asafu anapita ndi mafunso ake m'malo opatulika, ndipo Yesu sanamuthamangitse Tomasi. Funso lobisidwa limaola mumtima. Lotulutsidwa pamaso pa Mulungu ndi pa okhulupirira okhwima limakulitsa. Wophunzira akhoza kuphunzira chiphunzitso chimene sagwirizana nacho, nachilongosola bwino pa mayeso, monga Danieli anadziwira nzeru za Akasidi popanda kugwadira milungu yawo.

LACHITATU

Anayi Pamodzi (Danieli 2:12-24)

Lamulo lakuti anzeru onse aphedwe litatuluka, kodi Danieli anapita kuti? Danieli 2:17, 18.

Atapempha nthawi kwa mfumu, anapita kunyumba kukauza Hananiya, Misaeli ndi Azariya kuti apemphe chifundo kwa Mulungu. Munthu amene Mulungu anamupatsa mphatso yomasulira maloto anafunabe mapemphero a anzake. Mutu umodzi susenza denga. Ubwenzi umenewu sunayambe usiku wa zoopsa. Unayambira pa gome lija la zomera ndi madzi.

Mbiri ya mpingo wa Chikhristu ikuchitira umboni za mphamvu ya kagulu kotere. M'chaka cha 1729 pa Yunivesite ya Oxford, Charles Wesley ndi mkulu wake John anayamba kukumana ndi anzawo ochepa kuti awerenge Malemba, apemphere ndi kufunsana za moyo wawo wauzimu. Posakhalitsa anayamba kuyendera akaidi ndi odwala. Ophunzira anzawo anawanyoza ndi dzina lakuti Methodist chifukwa cha dongosolo lawo, koma dzina lachipongwelo linasanduka dzina la chitsitsimutso chachikulu. Ellen White mwini anakulira mu mpingo wa Methodist asanalandire uthenga wa kubweranso kwa Yesu.

Chinsinsi chitaululidwa, kodi Danieli anapempherera moyo wa yani? Danieli 2:24. Onaninso Yeremiya 29:7.

Anapempha kuti anzeru a ku Babulo asaphedwe. Amenewa anali openda nyenyezi ndi oombeza, ndipo mwina ena mwa iwo anali aphunzitsi ake. Gulu la okhulupirira pa sukulu likhoza kusanduka mpanda wobisalamo, kumene timangodya, kuimba ndi kuyenda ndi anzathu a mpingo okhaokha, osadziwa ngakhale dzina la amene tikhala naye pa benchi limodzi. Yeremiya analangiza andende kuti afunire mtendere mzinda wa ukapolo wawo ndi kuupempherera. Kusonkhana kwathu kuli ndi cholinga chakuti tilimbikitsane pa chikondi ndi ntchito zabwino (Ahebri 10:24, 25), ndipo ntchito zimenezo zili kunja kwa chipinda chopemphereramo: mnzathu amene ndalama ya chakudya yamuthera pakati pa semesita, amene wadwala ali kutali ndi kwawo, amene walephera mayeso nayamba kutaya mtima.

Mpingo wathu uli ndi utumiki wa Public Campus Ministries wosamalira ophunzira a m'sukulu zosakhala za mpingo, koma utumiki umenewu sungalowe m'malo mwa mpingo woyandikana ndi sukulu. Kuitanira wophunzira ku nsima ya masana a Sabata, kumudziwa dzina, ndi kumupatsa ntchito mu mpingo, ndi ulaliki umene banja lililonse lingathe.

Kodi mungatchule maina a ophunzira a ku koleji amene amapemphera pa mpingo wanu? Nanga amene anachoka pa mpingo wanu, ndani anawalankhula mwezi uno?

LACHINAYI

Pamene Afunsa (Machitidwe 17:16-34; 1 Petro 3:15, 16)

Kodi chinapatsa Danieli mwai wolankhula pamaso pa mafumu n'chiyani? Danieli 1:17-20, 6:4, 5.

Pa mayeso otsiriza mfumu inawapeza anayiwo oposa anzeru ake onse. Patapita zaka zoposa 60, adani ake anafufuza ntchito yake yonse, osapeza chinyengo kapena ulesi. Nzeru inachokera kwa Mulungu, koma Mulungu sanawawerengere mapale a dothi aja. Wophunzira wobera mayeso, kapena wokopera ntchito ya wina pa intaneti nalembapo dzina lake, watseka yekha pakamwa pake. Anzake sadzamvera za lamulo lachinayi kwa munthu wothyola lachisanu ndi chitatu.

Mpata utapezeka, Danieli sanabise Gwero la nzeru zake. Anauza mfumu poyera kuti chinsinsi chaululidwa ndi Mulungu wa Kumwamba, osati chifukwa iye anali wanzeru koposa ena (Danieli 2:27-30). Pamene anafunika kunena uthenga wowawa, anavutika mumtima chifukwa cha mfumuyo, naidandaulira kuti ilape (Danieli 4:19, 27). Nebukadinezara analamulira zaka 43, ndipo kudzichepetsa kwake pamaso pa Mfumu ya Kumwamba kunafika patapita zaka zambiri (Danieli 4:34-37). Mboni iyenera kudziwa kudikira.

Kodi Paulo anayambira pati polankhula kwa anthu ophunzira a ku Atene, ndipo anatsirizira pati? Machitidwe 17:22-31.

Asanalankhule, Paulo anayendayenda mu mzinda napenyetsetsa zimene anthu ankapembedza. Anayambira pa guwa lawo la mulungu wosadziwika, natchula mau a olemba ndakatulo awo, chifukwa anawawerenga. Koma sanathere pamenepo. Anafika pa Mlengi, pa kulapa, pa chiweruzo ndi pa kuuka kwa Yesu, ngakhale anadziwa kuti Aepikureya ndi Astoiki sadzakondwera nazo. Ena anaseka, ena anati adzamvanso tsiku lina, ndipo owerengeka anakhulupirira, mwa iwo Dionisiyo ndi Damarisi.

Petro akutilangiza kukhala okonzeka kuyankha aliyense wofunsa za chiyembekezo chathu, mofatsa ndi mwaulemu. Yankho limatsata funso, ndipo funso limadzutsidwa ndi moyo. Mnzathu wa m'chipinda akaona kuti timatseka mabuku dzuwa likamalowa Lachisanu, mayeso ali Lolemba, tsiku lina adzafunsa. Pamenepo tisayambe ndi kunyoza mpingo wake kapena chipembedzo chake, kaya ndi Mkhristu wa mpingo wina, Msilamu kapena wosapembedza. Timuuze za Yesu amene anatilenga natiombola, ndi kuti Sabata ndi tsiku lopumula mwa Iye. Mtsutso umene wachititsa munthu manyazi pamaso pa anzake umatseka khutu lake kwa nthawi yaitali. Akafunsa chimene sitikuchidziwa, tivomere, ndipo timupemphe kuti tifufuze limodzi m'Malemba (Akolose 4:5, 6).

Ganizirani munthu mmodzi wa m'kalasi mwanu kapena kuntchito kwanu. Kodi mukudziwa chimene amakhulupirira ndi chimene chimamudetsa nkhawa? Yambani kumupempherera pomutchula dzina.

LACHISANU

Kuphunzira Koonjezera: Werengani mutu 39 wa buku la Ellen G. White lotchedwa Prophets and Kings, umene ukufotokoza za anyamatawa m'bwalo la mfumu ya ku Babulo.

Ife a kuno tili ndi chifukwa chapadera chosapeputsira zimene Mulungu angachite pa yunivesite. Pa 4 December 1857, David Livingstone analankhula kwa ophunzira ndi aphunzitsi a ku Cambridge, nawadandaulira kuti apitirize ntchito imene iye anaiyamba mu Afirika. Kuchokera m'pempho limenelo munabadwa bungwe la Universities' Mission to Central Africa, ndipo m'chaka cha 1861 Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero, malo amene amakumbukidwa monga mishoni yoyamba m'dziko la Malawi. Mackenzie anamwalira ndi malungo m'chaka cha 1862, ndipo mishoni inasamukira ku Zanzibar. Kwa anthu zinaoneka ngati zalephereka. Koma m'chaka cha 1885 ntchitoyo inakhazikika pa chilumba cha Likoma. Mau olankhulidwa m'holo ya yunivesite anabala zipatso m'mbali mwa nyanja yathu patapita zaka 28.

Mafunso Okambirana:

1. Danieli analola zinthu zina nakana zina. Kodi wophunzira angasiyanitse bwanji chimene chili chachilendo chabe ndi chimene chili tchimo?

2. Mtsikana wa mu mpingo wanu, amene makolo ake anagulitsa mbewu zawo kuti amulipirire fizi, wauzidwa kuti mayeso ake otsiriza ali pa Sabata ndipo sadzasinthidwa. Makolowo, amene si a mpingo, akuti alembe. Kodi kalasi yanu ingamuuze chiyani, ndipo ingawauze chiyani makolo ake?

3. Kodi achinyamata obwera ndi mafunso ovuta kuchokera ku sukulu timawalandira motani mu Sukulu ya Sabata? Kodi timawayankha, kapena timawadzudzula kuti sukulu yawaononga?

Chidule: Danieli anasankhiratu mumtima, anapempha mwaulemu, anasunga nthawi yake ya pemphero, anayenda ndi anzake okhulupirira, anafunira zabwino anthu a ku Babulo, ndipo mpata utafika anatchula dzina la Mulungu wake. Mulungu amene anali naye pa sukulu ya mfumu alinso ndi ana athu m'makalasi ndi m'mahositelo lero. Tiyeni tiwapempherere powatchula maina, ndipo tiwathandize kusenza mtengo wa kukhulupirika kwawo.